Za Matumba a Madiresi a Amayi a ku Chanyanya

Komiti ya Gulu la Atelala la Tiyeseko
Tsiku: Loweruka, 17 Ogasiti 1996
Malo: Shopu ya gulu, Nangongwe
Opezeka: Ba Shadreck Njobvu (Wapampando), Ba Fackson Daka (odula nsalu), Ba Mwandida Sakala (osoka), Gwendolyn Mbewe (Mlembi)
Mlendo: Ba Prudence Muleya, oimira amayi ogulitsa nsomba ku Chanyanya
Osapezeka: Ba Abel Tembo (ali ku maliro ku Petauke)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero. Anakumbutsa komiti kuti chichotsedwereni ntchito ku fakitale ya nsalu, salaula, zovala za kaunjika, watilanda makasitomala onse, ndipo oda ya mayunifolomu a amayi a ku Chanyanya ndiyo yokha yatsala. Anati ikalephera, makina agulitsidwa ndipo gulu latha.

2. Madiresi obwezedwa

Ba Prudence anati amayi anabweza madiresi onse chifukwa matumba ake ndi abodza: kachivundikiro kokha, dzanja osalowa. Anati pabwato ndi panjinga manja onse amakhala pa ntchito, nanga makiyi ndi ndalama aziika pati? Anati ena amachita kuvala mathalauzi a amuna awo mkati mwa chitenje pofuna matumba basi.

Ba Daka anati anatengera majekete achikazi a m'salaula, amene ngakhale ndi a Azungu matumba ake ndi otero. Anati thumba limawononga shepu ya mzimayi. Ba Prudence anayankha kuti, "Shepu ni yanga, Ba Daka, sindimwe muivala." Mlembi analamulidwa kuti asalembe zotsatira, ndipo n'zachisoni chifukwa zinali zabwino.

Ba Mwandida anati iwo, osafunsa munthu, anamasula msoko wa diresi limodzi lobwezedwa ndi lawo lomwe avalali, n'kusokeramo matumba akuya kuchokera ku zidutswa zimene Ba Daka amataya. Ba Prudence anavala diresi lobwezedwalo pomwepo, n'kumasula mfundo ya chitenje chawo, n'kuika m'matumba makiyi ndi ndalama zonse zimene anamangamo. Anadumpha kawiri. Palibe chinagwa. Anati oda ipitirire.

Wapampando anapukuta thukuta n'kunena kuti, "Mulungu ngwamkulu." Mlembi nayenso mtima unakhala pansi, pakuti makina amene akanayamba kugulitsidwa ndi amene amasokera iye.

Chigamulo: madiresi onse akhale ndi matumba awiri olowa dzanja. Ba Daka sanakweze mkono, koma sanatsutse.

3. Zina ndi zina

Mlembi anakumbutsa komiti kuti mu 1994 inagamula kuti makiyi a shopu azisunga amuna okha, popeza amayi alibe powaika. Anafunsa ngati chifukwacho chikadalipo. Kenako Ba Daka anatulutsa makiyi n'kuwapereka kwa Ba Mwandida, amene anawaponya m'thumba mwawo. Komiti yonse inawamva akufika pansi pa thumbalo.

4. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala pa 31 Ogasiti. Wapampando anatseka nthawi ya 16 koloko. Shopu anakiya ndi Ba Mwandida.

S. Njobvu, Wapampando
G. Mbewe, Mlembi