Musanalembe Mzere pa Dzina la Pilira

Gezina, Pretoria
Lamulungu, 19 Okutobala 2025

Okondedwa Abambo,

Landirani moni wanga, inu pamodzi ndi Amayi. Kodi muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo wa Amayi uja unaphwa? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Bondo langa lokha ndi limene likumandikumbutsa zaka ndikagwada pozula udzu m'maluwa. Mitengo ya jakaranda yachita maluwa mumzinda monse, ndipo kuntchito ku Menlo Park ndikumasesa kawiri pa tsiku, koma ndikatembenuka ndimapeza pansi padzazanso.

Kalata yanu ya pa 14 Seputembala inandipeza Lachisanu pa 26, kudzera mwa achimwene a Godfrey oyendetsa basi aja. Ndaiwerenga kasanu. Mwati nkhani ya mpingo siyenda pa foni, mukufuna yankho lolemba loti mukawerenge pamaso pa akulu a mpingo pa 29 Novembala. Funso lanu ndalimva: kodi mdzukulu wanu Pilira walowa chipembedzo china? Mwatinso ngati yankho ndi inde, inu monga mlembi mulibe kuchitira mwina, mudzalemba mzere pa dzina lake m'kaundula. Ndachedwa kuyankha chifukwa sindinafune kukulemberani zinthu zimene sindinazione ndi maso anga.

Achimwene a Clever, amene anakuuzani nkhaniyi, sananame zonse. Ndi zoona kuti atatichezera pa 3 Ogasiti anapempha Pilira kuti apempherere chakudya, iye n'kunena kuti ndipemphere ine. Ndi zoonanso kuti pakhoma pamene panali kalendala ya mpingo pali chithunzi cha mzungu wa tsitsi losapesa. Tsiku lomaliza limene Pilira anapita nane kumapemphero athu ku Pretoria North linali 10 Malichi chaka chatha. Kufika lero wajomba Malamulungu 84, ndipo mgonero wamudutsa kasanu ndi kamodzi. Ndalemba monga zilili, pakuti inu munandiphunzitsa kuti chiwerengero sachikometsera.

Koma mawu akuti walowa mpingo wa Fizikisi ndi a Clever eni ake. Fizikisi ndi phunziro limene akuchita ku yunivesite, chino ndi chaka chachitatu. Amaphunzira za kuwala, za nyenyezi, ndi za tinthu ting'onoting'ono timene timapanga zinthu zonse. Ine ndinalekezera Sitandade 7, sindikanatha kutsutsa kapena kuvomereza ndili chikhalire. Choncho atandiuza kuti Loweruka pa 11 Okutobala aphunzitsi awo aitana makolo kuti akamve zimene ana amaphunzira, ndinapempha adona kuti andimasule masana, ndipo anandilola.

Tinalipo atatu: ine, Pilira, ndi Che Swalehe. Che Swalehe ndi a ku Mangochi, amakhala chipinda choyandikana ndi changa, ndipo amagulitsa machaja a foni pamsewu. Ndinawatenga chifukwa nkhani imakhazikika pa mboni ziwiri, komanso poti ndi Msilamu, alibe mbali pa za mpingo wathu. Iwo anati apita ngati kukakhale tiyi.

Tinafika 1:40, mwambo unayamba 2 koloko yeniyeni. Muholomo munali mizere 12 ya mipando 15, ndipo mipando yopanda anthu inali 23. Ndiye kuti tinalipo 157.

Abambo, sindibisa, nditangolowa ndinaona kuti zina zinafanadi ndi za kutchalitchi. Pakhoma panali zithunzi za akuluakulu amene anamwalira kale, aliyense ndi chaka chake chobadwa ndi chomwalira. Anthu ankayankhula monong'ona. Che Swalehe anaima pakhomo n'kufunsa Pilira ngati tivule nsapato, iye n'kuwakoka dzanja akuseka. Kenako kunabwera mphunzitsi wake, mayi wa imvi, ndipo tonse tinangoti zii. Anadzaza bolodi ndi zilembo zimene si Chingerezi, si Chichewa, ndipo ana a sukulu okha ndi amene ankagwedeza mitu.

Pilira ankandimasulira pang'onopang'ono. Chimene ndinagwira ndi ichi, ndipo ndinachilemba kuseri kwa khadi loitanira. Akuti zonse zimene zilipo, kumwamba ndi pansi, tikazigawa magawo 100, zimene timaziona ndi kuzigwira ndi magawo 5 okha. Mmenemo ndi mmene muli dzuwa, nyenyezi, phiri lathu lija, inu ndi ine. Magawo 27 ndi chinthu chimene sichioneka ndipo palibe anachigwirapo, koma amati chilipo chifukwa chimakoka nyenyezi. Magawo 68 otsalawo ndi mphamvu ina imene ngakhale iwowo sadziwa kuti ndi chiyani. Ndinaphatikiza, zinakwanadi 100. Akutinso chinthu cha magawo 27 chija akhala akuchisaka zaka pafupifupi 40, ndi makina oikidwa pansi m'migodi, koma mpaka lero sichinapezeke.

Pamenepo ndinati mumtima, a Clever apambana. Kukhulupirira chinthu chosaoneka ndi kuchidikira zaka 40, ife timakutcha chiyani? Ndinayang'ana Pilira. Nkhope yake inali kuwala ngati mmene inkachitira ya malemu mayi ake, mkazi wanga Jessie, akamaimba m'kwaya ya amayi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikulakalaka kuonanso nkhope imeneyo, ndiye ndikaione pamalo pamenepo. Ndinakondwa, koma mantha anandigwiranso.

Mwambo unatha 3:15. Mbale ya chopereka sinayende, nyimbo sinaimbidwe, pemphero panalibe. Tikumwa tiyi panja, Pilira anatikokera kwa mphunzitsi wake uja. Inu mukudziwa kuti ine si woyankhula pagulu, ndipo Chingerezi changa ndi cha m'munda, koma ndinakumbukira kalata yanu. Ndinamuuza Pilira kuti awafunse kuti zidzatha bwanji akasaka zaka zina 40 osachipeza. Mayiwo anaseka, n'kunena kuti ndiye kuti analakwitsa, adzafufuta n'kuyambiranso. Anati munthu amene angaonetse poyera kuti iwo alakwitsa samuchotsa pagulu, amamupatsa mphoto. Koma anavomera kuti nawonso ndi anthu. Alipo akuluakulu ena amene amakakamira maganizo awo mpaka kumanda, ndipo alipo ana ena amene amaloweza za m'buku osafunsa, ngati katekisimu. Ndinawakonda chifukwa chosabisa zimenezo.

Kenako Che Swalehe anaika kapu pansi n'kunena kuti iwo funso lawo ndi limodzi. Anamuuza Pilira kuti, iwe profesa wamng'ono, afunse amayiwa kuti munthu wawo akamwalira amamusambitsa ndani, nanga manda awo ali kuti. Pilira anachita manyazi, koma anamasulira. Mayiwo anasiya kuseka. Anati fizikisi ilibe manda, ndipo siuza munthu kumene wakufa wapita. Anati pakati pa anzawo a ntchito ena amapita ku mzikiti Lachisanu, ena kutchalitchi, ena sapita kulikonse, koma samu ikakhala pa bolodi yankho limatuluka limodzi kwa onse.

Mu takisi pobwerera Che Swalehe anagamula okha mlandu. Anati chipembedzo chopanda manda ndi sukulu basi, ndipo ndikulembereni kuti iwo atero. Anadandaula za tiyi yekha, akuti masamba anangowaonetsa madzi patali.

Ine sindinagamule msanga choncho. Mawa lake, pa 12, nditabwera kumapemphero ndinamupeza Pilira akuchapa pa mpopi kuseri kwa nyumba. Ndinakhala pa ndowa n'kumufunsa mosazungulira ngati akukhulupirirabe Mulungu. Anakhala nthawi akufinya malaya amodzi omwewo. Kenako anati, Ababa, sindikudziwa. Anati sizinayambire ku yunivesite ayi, zinayambira kuchipatala mu Ogasiti 2018, pamene anapemphera masiku asanu ndi anayi pambali pa bedi la mayi ake, mpaka iwo anamwalira ine ndili m'basi pamalire pa Beitbridge. Kuyambira pamenepo wakhala akuyenda nalo funsolo mwakachetechete, ndipo chaka chatha analephera kupitiriza kudya mgonero pakamwa pakunena inde mtima ukunena kaya. Anati Agogo omwe ndi amene anamuphunzitsa m'kalasi kuti mgonero sadya mwachinyengo.

Ndinamufunsa za chithunzi cha pakhoma chija. Anati ndi munthu amene anakhoza samu zina n'kulakwa zina, ndipo iye samupempha kanthu. Kalendala anaichotsa chifukwa inali ya 2023. Ndinapita kukaiona m'katoni, ndipo inalidi ya 2023.

Pamenepo ndinamuuza za kalata yanu, ndi za mzere. Abambo, mwanayu anasiya zochapa. Anandifunsa ngati dzina lake likadali pa tsamba 46, pansi pa dzina la mayi ake. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndi tsamba 46. Akuti munamuonetsa inu nomwe tsiku limene analandiridwa mumpingo, mu Disembala 2018, mwezi umodzi asanabwere kuno, ndipo munamulola kukhudza kamtanda kamene munalemba pambali pa dzina la Jessie. Atatero analira, ndipo sindinamuonepo akulira choncho chifikireni ku Joni.

Tsono yankho langa loti mukawerenge kwa akulu a mpingo ndi ili. Pilira sanalowe chipembedzo china. Kumene amapitako amakhulupiriradi zinthu zimene sanazione, koma amazilemba ndi choko, chofufutira chili m'manja. Sabatiza, sapemphera, saika maliro. Mwana wanga sanasamukire m'nyumba ina. Watuluka m'nyumba yathu n'kuima pabwalo, ndipo akuyang'anabe kukhomo. Ngati kumeneko ndi kulakwa koyenera mzere, inu ndi amene mumadziwa malamulo, ine sindingakuphunzitseni.

Ndimakumbukira ndili mwana mmene munkachitira. Womwalira munkamulembera kamtanda ndi tsiku. Wochotsedwa munkamudutsitsa mzere wa inki yofiira, ine nditakugwirirani rula kuti isasunthe. Ndinagwira rula imeneyo pa mayina khumi ndi limodzi, ndipo mwa onsewo ndikudziwa awiri okha amene anabwerera. Enawo, pa maliro awo mpingo sunaimbe. Ndikaganiza zimenezo ntchito imandikanika. Lachitatu lapitali ndinadula duwa la adona limene silinayenera kudulidwa.

Mphunzitsi uja ananenanso chinthu china chimene chakhala chikundizungulira m'mutu. Akuti kuwala kwa dzuwa kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20 kuti kutifike, ndiye dzuwa limene timaliona ndi la kale pang'ono. Ine kumudzi ndinachokako titaika Jessie, pa 11 Ogasiti 2018. Papita zaka 7 ndi miyezi iwiri. Ndikatseka maso ndimaona Amayi akuyenda bwinobwino opanda ndodo, mtengo wa mapeyala uja ukundifika m'chiuno, inu mukuwerenga opanda magalasi. Ndikudziwa kuti zonsezo zinasintha. Inunso Pilira amene mukumudziwa ndi wa zaka 15 uja anakwera basi atanyamula Baibulo la mayi ake m'jumbo. Baibulolo akadali nalo, lili pansi pa mabuku a samu. Koma mwini wakeyo tsopano ndi wa zaka 22, ndipo simunamumvepo akuyankhula.

Pempho langa ndi limodzi. Tagula matikiti awiri. Tinyamuka Lachinayi pa 18 Disembala, mayeso ake atatha, ndipo ngati pamalire sipavuta tifika Loweruka pa 20. Pemphani akulu a mpingo kuti nkhani ya Pilira aidikize mpaka mutakhala naye pakhonde n'kumufunsa nokha. Iye wati adzayankha chilichonse chimene Agogo adzafunse, ndipo sadzanama. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Akufunanso kuti mudzamuperekeze kumanda a mayi ake, akuti ndi inu amene mumadziwa nyimbo imene Jessie ankaikonda, mavesi onse.

Mu envulopu muno mupezamo pensulo. Ndi ya Pilira, imene amalembera samu zake, ili ndi labala kumapeto. Ndamupempha ndipo wandipatsa osafunsa chifukwa. Ngati akulu a mpingo akana kudikira, ndipo lamulo likukukakamizani kulemba mzere pa 29, chonde Abambo, inki yofiira ija ikhale m'kabati. Lembani ndi imeneyi.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti mankhwala opaka aja ndidzabwera nawo ndekha. Moni kwa achemwali a Dyna ndi alamu, kwa atsibweni ndi azakhali, ndi kwa apongozi anga, amayi ake a Jessie, amene ndikudziwa kuti nkhaniyi yawafika. Kwa achimwene a Clever moninso, muwauze kuti ndilibe nawo chifukwa, ananena zimene anaona pa tsiku limodzi. Che Swalehe akuti ndikupatseni moni ngakhale simukuwadziwa. Pilira ali pano akuwerenga, akuti Agogo asaiwale kumusungira mango a mtengo wa kuseri kwa khola.

Mulungu akusungeni mpaka tionane maso ndi maso.

Ndine mwana wanu,
Elson

Kuchokera pa 29 Novembala kufika pa 20 Disembala ndi masiku 21. Ndawerenga kawiri pa kalendala. Amene ndikupempha ndi omwewo.