Mpando wa m'Ndege Umene Bambo a Mwawi Anaukana

Murdoch, Perth
Ogasiti 2021

Okondedwa Malume a Enock,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Mukudzuka bwanji ku Mchinjiko, inu ndi amayi akunyumba? Bondo lija linasiya kuvuta? Ndamva kuti matendawa akolanso moto kumeneko. Chonde muzivala chotseka pakamwa mukamapita kumaliro, ngakhale ndikudziwa kuti simundimvera. Ine ndi mdzukulu wanu Mwawi m'thupi tili bwino.

Lero sindikulembera malume okha, ndikulembera ankhoswe anga. Ndinu munasinthana nkhuku ndi a Greyson, ankhoswe akuchimuna, n'kulonjeza pamaso pa anthu kuti banja ili likadzagwedezeka mudzakhala pansi. Lagwedezeka, Malume.

Mukukumbukira kuti amuna anga a Paterson, bambo a Mwawi, anapita ku yunivesite ya ku Belgium chaka chatha matendawa asanafike. Anati akakhala miyezi isanu ndi umodzi kufufuza za chuku cha mu mtedza, chija chimawononga chiwindi. Mtedza woyamba kuupima unachokera m'munda mwanu momwemo, ndipo ndikudziwa mmene mumanyadira nazo kutchalitchi. Inenso ndinanyada. Ndine ndinawalongedzera chikwama. Walira mvula walira matope.

Atangonyamuka, dziko lino linatseka zitseko. Ife okhala kuno satilola kutuluka popanda chilolezo. Ndinapempha, anandikaniza. Olowa amawalola ochepa kwambiri pa mlungu, ndipo akafika amawatsekera kaye mu hotela milungu iwiri. Anthu amati tili ndi mwayi chifukwa mu Perth matendawa kulibe kwenikweni, misika ndi yotsegula, ana akupita kusukulu. N'zoona. Koma nkhuku ya m'khola nayonso imadya bwino.

Moyo wanga ndi wodi ya kuchipatala, basi, ndi nyumba. Ndikaweruka ndimakatenga Mwawi kwa Katherine, mnzanga wa kumpingo, n'kubwerera kukaphika mbale ziwiri.

Yunivesite yawoyo, Malume, ndi chigayo chosazima. Mwezi uliwonse imalengeza zimene anthu ake apeza, ndipo bambo a Mwawi amanditumizira pafoni kuti ndione. Uyu wayeza nyenyezi, uyu wapeza njira yatsopano yopimira khansa, awa akuwerenga njuchi, awo akuyesa simenti ya milatho, ena akumasulira zilankhulo za anthu amene anafa kalekale. Pakati pa zonsezo pamakhala dzina la Paterson ndi mtedza wake. Kumeneko munthu samuyeza ndi ndevu kapena ulemu, amamuyeza ndi mapepala amene wasindikiza. Ukachepetsa, kontirakiti yako imathera pomwepo. Ndiye pepala likatuluka, lina lili kale pamoto.

Ndinawaseka tsiku lina kuti nyumba yodzaza anthu odziwa mtunda wa kumwezi ikulephera bwanji kuwasonyeza njira ya ku Perth. Anaseka. Ine sindinkaseka.

Tsopano imvani chimene chandilembetsa. Mpando wa m'ndege yobwera kuno ndi wosowa kuposa mvula ya mu Ogasiti kwanuko. Katherine ali ndi mlamu wake wogulitsa matikiti, ndipo tinamuvutitsa miyezi yambiri. Amayi a kumpingo anasala kudya. Mu Juni mpando unapezeka. Mwawi anakolopa yekha chipinda, n'kumauza aliyense kusukulu m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija kuti adadi akubwera.

Patatsala mlungu umodzi, bambo a Mwawi anandiimbira. Anati pepala lawo lalikulu labwezedwa. Kumeneko pepala lisanasindikizidwe amalipereka kwa akatswiri ena obisika maina kuti alitole zifukwa, ndipo mmodzi wa iwo walamula kuti abwerezenso kupima mtedza wonse. Anawapatsa milungu yochepa. Akachoka mu labu, ntchitoyo aimaliza mnzawo, ndipo dzina la mnzawoyo ndi limene likhale patsogolo. Akuti dzina loyamba ndiye mwini munda, enawo ndi aganyu.

Ndinawafunsa kuti nanga mpando. Anandiyankha kuti, "Titho, mipando ibweranso. Pepala ili silibweranso."

Mpando uja anakhalapo munthu wina. Katswiri wobisika dzina uja, amene sindidzamuona nkhope, analankhula kamodzi ndipo amuna anga anamvera. Ine ndalankhula chaka ndi theka.

Zinandiwawa, Malume, ndipo zikundiwawabe. Ndinachita manyazi kukauza amayi amene anasala kudya aja. Mwawi sanalire. Anangosiya kubwera kufoni bambo ake akaimba, amati ali ndi homuweki.

Ndikudziwa chimene munene, chifukwa ndimakudziwani. Munena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, kuti mwamunayo sakumwa mowa, sakuyenda ndi akazi, akugwira ntchito yopulumutsa alimi ngati inu. Zonsezo n'zoona, n'chifukwa chake sindinakudandaulireni nthawi yonseyi. Akanakhala mkazi mnzanga ndikanadziwa pomudandaulira. Koma yunivesite ungaiitanire kubwalo liti?

Sabata yatha bambo a Mwawi anandiuza kuti pepala lija lalandiridwa, ndipo akuluakulu akufuna kuwaonjezera zaka zitatu. Iwo sanavomere, sanakanenso. Akuti akuganiza. Tsiku lomwelo mlamu wa Katherine anati kungapezeke mpando wina mu Novembala, koma akufuna yankho mwezi uno usanathe, ndipo sadzativutikiranso kachitatu.

Pempho langa ndi ili. Pitani kwa a Greyson, mukhale pansi awiri monga mwa mwambo, muwaimbire bambo a Mwawi muli limodzi. Musayambe ndi kuwayamikira za mtedza, chifukwa mukatero nkhani ithera pomwepo. Muwauze kuti mapanga awiri avumbwitsa. Sindikupempha kuti banja lithe, ndimawakonda ndipo ndikuwafuna pakhomo. Koma ine sindingatuluke, iwo angathe kulowa. Mpando wa Novembala ukapitanso kwa wina, kalata yotsatira ndidzalembera inu ndi a Greyson pamodzi, ndipo sidzakhala yopempha.

Mundiperekere moni kwa amayi akunyumba, achimwene a Atusaye ndi ana onse. Amayi anga musawauze kaye, BP yawo mukuidziwa. Ambuye akusungeni ndi kukupatsani mawu oyenera tsiku limenelo.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Tithokoze