Chijasi cha bambo chikupitanso kunja

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Biriwiri tilipo, kungoti mwendo wa bambo uja umavutabe kukazizira.

Zija ndinkakuuzanizi zatheka. Andisankha kupita ku Ulaya kwa miyezi yochepa limodzi ndi aphunzitsi a sekondale a m'mayiko ena, kukaona mmene anzathu amaphunzitsira sayansi. Nditawauza bambo ndinkayesa asangalala, koma anangotola khasu n'kulowera kudimba la kabichi. Ndinawatsatira komweko.

"Amene ndinapita nawo kumigodi ankanenanso kuti ndi miyezi yochepa," anatero. "Ambiri anatchona. Mchimwene wako nayenso anati abwera pa Khirisimasi."

Ndinawauza kuti ine sindikukafuna ntchito. Ana anga a Folomu 3 akundidikira, ndipo ndikabwerako ndidzagawira aphunzitsi anzanga mpaka ku Kandeu zimene ndikaphunzire. Iwo anangopitiriza kupalira kabichi wawo.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, anatsegula sutikesi yawo yachitsulo ija n'kutulutsa chijasi chimene anabwera nacho kumigodi. Manja ake akundipitirira zala! Anandiveka okha, amvekere, "Kumeneko kumazizira. Chijasi ichi chinapita n'kubwerako, njira yakwawo chikuidziwa. Ndakubwereka, sindinakupatse."

Ndikachivala ndithu, kaya azungu akandiseke.

Chonde munditumizireko nsapato zotseka, saizi mukuidziwa. Koma chachikulu, achimwene, aimbireni foni bambo muwauze kuti Khirisimasi munkanena ija ndi ya chaka chiti.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati