Chitseko Chakana Kulowa

Lachinayi, 12 Juni. Lero mutu wandiwira.

Ndinakatenga chitseko chachitsulo chimene ndinapangitsa kwa owotcherera ku Lizulu, chagalasi pamwamba ngati za m'tauni. Kufika nacho kunyumba, chakana kulowa pakhomo, chakula ndi zala zinayi. Nditabwererako andifunsa, "Achimwene, munayezera chiyani?" Ndati mphira yomangira katundu panjinga. Aseka mpaka kukhala pansi, akuti mphira imatamuka.

Chamatabwa chakale ndinagulitsa dzana. Pakhomo tangotchingapo thumba la mbatata, mphepo ikulowa, mwana wathu Chisomo wayamba kutsokomola. Mayi ake akungoti, "Zamakonotu izi, bambo."

Mawa ndigumula njerwa ndekha kuti khomo likule. Koma khomalo tinamangira dothi, ndipo likangoti ligwe lonse, mwanayu ndikamugoneka kuti?