Wayilesi ya pa Denga la Baba Akolgo

Lachitatu

Lariba 09:14
nsobila, zazimanso. muyezo wa mtsinje womaliza kufika ku ofesi kuno ndi wa 6:40

Lariba 09:15
damu la kumtunda analitsegula dzana. alimi a m'madimba akudikira ife kt tiwauze, akolole chimanga chosauma kapena adikire. ndiwauze chani?

Nsobila 10:02
ndili kumtsinje achemwali, mvula yandinyowetsa mpaka mkati. kamakina koyeza madzi kakulemba bhobho, batire 12.6, modemu ikuthwanima. kuno ikutumiza

Nsobila 10:03
vuto lili pakati. wayilesi ija yolandira muyezo kuno n'kupatsira ku ofesi, ya pa denga la baba akolgo

Lariba 10:04
kachinayi tsopano. tchanelo unasintha, adiresi unasintha, chingwe unasintha. kwatsala kusintha iweyo

Lariba 12:31
yabwerera yokha!

Nsobila 12:33
ndangofika kumene kwa baba. dzuwa lili phwee, zonse zili m'malo mwake. sindinagwire kanthu

Lariba 12:34
imachira ikangomva njinga yako, ngati mwana akaona jakisoni

Lachinayi

Lariba 08:20
yapitanso

Lariba 08:47
nsobila

Lariba 09:30
NSOBILA

Nsobila 09:41
msewu wa kwa baba madzi audula. ndabwerera pa mlatho

Lariba waonjezera Baba Akolgo pa gulu

Lariba 09:50
baba mwadzuka bwanji. tationereni wayilesi yathu, nyali yake ikuyaka?

Baba Akolgo 10:12
[uthenga wa mawu 0:51]
Tadzuka mwana wanga, kaya inu ku Bolga, ndi amuna anu, ndi ana? Wayilesi musadere nayo nkhawa, ili bwinobwino. Kumwamba kutangoyamba kugunda ndamasula chingwe cha mlongoti, bokosilo ndalowetsa m'nyumba. Lili m'dengu, ndalifunditsa nsalu. Ndimatero mvula iliyonse, ikakata n'kubwezera. Kuno ndi mmene timachitira tonse, paja mphezi inandiwotchera kanema chaka chatha. Nsobila anati ndiisamale ngati yanga.

Lariba 10:14
uthengawu wafufutidwa

Lariba 10:14
uthengawu wafufutidwa

Lariba 10:16
nsobila. unanenadi?

Nsobila 10:19
ndinanena

Nsobila 10:21
baba, mvula ikamagwa ndi pamene timaifunitsitsa. mphezi musaope, waya wamkuwa uja wochoka pa mlongoti kulowa m'nthaka ndi umene umaimeza

Baba Akolgo 10:26
[uthenga wa mawu 0:19]
Wofiirira uja? Ine ndinkayesa ndi wotsala, poti unangolowa m'dothi osapita kulikonse. Ndinamangira chitseko cha khola la nkhanga. Ngwolimba bwino, mukadzapezanso wina mudzandibweretsere.

Lariba 10:28
sunawafotokozere??

Nsobila 10:30
tsiku lomwe ndinkayika anali ku maliro. ndinati ndidzawauza

Nsobila 10:31
kunena zoona, popanda wayawo akanapanda kumamasula bwenzi itapsa kalekale

Lariba 10:32
usandiyambe

Lariba 10:36
baba pepani, kulakwa nkwathu. koma sitikudziwa pomwe madzi afika, ndipo dimba lanu nalo lili komweko. kugunda kukasiya, osati kusanasiye, mubwezere waya wamkuwa pa mlongoti ndi pa chitsulo cha m'nthaka pomwe munaumasula

Nsobila 10:38
kenako bokosi. muyambe chingwe cha mlongoti, batire pambuyo. mukasemphanitsa ipsa. mlongoti KENAKO batire

Nsobila 10:55
baba mwamva?

Lariba 11:40
baba?

Lariba 12:15
a komiti ya alimi aimba kachitatu. ndasiya kuyankha

Nsobila 12:16
mwina foni yawo yatha moto

Lariba 13:07
yalowa!! mamita 4.9

Lariba 13:22
5.1. akukwera. ndikuwaimbira akolole lero lomwe, mawa madimba amira

Baba Akolgo 13:40
[uthenga wa mawu 0:27]
Yayaka, mwana wanga? Chabwino. Ndinachedwa, manja anga ndi akale. Waya ndabwezera, khola latsala pululu, nkhanga zonse khumi ndi ziwiri zili m'mapira mwa eni ake. Ndikupita kudimba ndi ngolo. Nsobila, msewu ukatseguka usabwere ndi kompyuta. Ubwere ndi miyendo, tidzathamangitse nkhanga.