Chipewa Chofiira cha Kapitawo

Lachitatu, 14 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikulemba ndili pabenchi m'chipatala, pepala lili pabondo, ndiye mukhululuke zilembo zokhotakhotazi. Mdzukulu wanu Kapitawo anamugoneka Lolemba, ndipo mawa akulowanso ku opaleshoni. Musakuwe, werengani kaye.

Mukukumbukira kapaipi kamene anamuika chaka chatha, kochotsa madzi m'mutu kupititsa m'mimba? Kuseri kwa khutu kali ndi kachotupa ngati nyemba. Khungu la pamenepo lanyuka, kapaipi kakuonekera, ndipo tizilombo talowa.

Anayamba ndi kugona kwambiri. Ife n'kumati mwana wafatsa, chonsecho ndi uja amalamula nyumba yonse ndi chala chimodzi! Kenako kusanza, thupi moto, maso kuloza pansi osatembenuka ngakhale bambo ake aombe m'manja.

Adokotala ataona balalo anandifunsa, "Mayi, pali chimene chimamukhula apa tsiku ndi tsiku?"

Ndinati sindikudziwa. Akamwini anu anandiyang'ana, n'kuyang'ananso chikwama changa, mmene munali chipewa chofiira chija munamulukira. Paja chinafika chothina pang'ono, koma mwana anachikonda. Kumuvula inali nkhondo, ankagona nacho, ine n'kumati chimuteteza kumphepo.

Titatuluka panja, bambo akewo anati, "Uwauze amayi ako, akuluka china."

Ndinawayankha kuti wolakwa ndine amene ndinkamuveka, osati inu. Mpaka pano tikungopatsirana madzi akumwa osayang'anana.

Mawa achotsa kapaipi konse. Madzi azitsikira m'kathumba pambali pa bedi mpaka tizilombo tithe, ndiye adzaike kena. Ndinafunsa anamwino ngati adzadzuke ali Kapitawo yemwe uja. Anangondigwira paphewa. Amayi, ndili ndi mantha.

Lero anatsegula maso pang'ono, kadzanja n'kupita kumutu, kufunafuna chipewa chake. Anapeza bandeji, n'kuyamba kulira. Ine ndinasangalala, poti chigonekereni anali asanalire.

Munalemba kuti mwagula ulusi wobiriwira wa chipewa chachiwiri. Chonde, mumulukire masokosi. Musayese pa mwana wa zaka ziwiri amene mukumudziwayu, muyese pa wa zaka zitatu, ndipo muyambe tsiku lomwe kalatayi ifike. Ife kuno maganizo athu akuthera pa mawa. Ndikufuna pakhale mmodzi m'banjamu amene akukonzekera chaka chamawa.

Moni kwa achimwene ndi alamu. Mutipempherere, koma manja asaleke kuluka.

Ndine mwana wanu,
Make Kapitawo