Akukuyatsira Makandulo, Balta

Linares, kumapeto kwa Seputembala

Wokondedwa mlongo wanga Baltasar,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, iwe, mlamu Gladys ndi anyamata aja. Kodi mphepo ya ku Punta Arenas ikadakuwawitsa mwendo uja? Kuno tadzuka. Mlamu wako Froilán ali bwino, Ximena wanga wabwerera kusukulu, ndipo amayi akudya, akuyenda, kungoti asiya kulankhula zambiri. Chifukwa chake ndi iwe.

Ukukumbukira kuti pa tsiku la ufulu ndinaimba telefoni, n'kufunsa Gladys ngati uli moyo, kenako n'kudula? Iye anati uli panja ukuwotcha nyama, ndipo ndinakumva ukukuwa kuti ndani akuimba nthawi ya chakudya. Mwina munaganiza kuti ndaledzera. Sindinalawe n'dontho lomwe. Khala pansi uwerenge, ndipo ukawerengere pamene Gladys sakuona nkhope yako.

Ukudziwa kuti amayi akhala akulira kalekale kuti asadzafe asanaone chipululu chitachita maluwa. Chaka chino kumpoto kunagwa mvula, ndiye tinati basi, tchuthi chino tiwatengere komweko. Tinalongedza m'galimoto ya Froilán, yokalamba ija imene iwe umati imayenda ndi mapemphero, n'kunyamuka anthu anayi.

Ulendo unayamba bwino kwambiri. Ku La Serena amayi analowa m'tchalitchi chilichonse chimene chinali chotsegula, ndipo chotseka anachigogoda. Ku Elqui Froilán analawa kachasu wa mphesa uja, pisco, mpaka anavulira bulu chipewa. Tinaseka, tinajambulitsa, tinagula mapapaya a m'mabotolo oti tidzakutumizire.

Titapitirira kumpoto, chipululu chija tinachipeza. Balta, mchenga sunkaoneka. Maluwa okhaokha ofiirira mpaka kumapiri. Amayi anatsika n'kuima manja ali pachifuwa, akuti mwana wawo anayendetsa lole pamsewu umenewu zaka zonse zija koma sanawauzepo kuti kuno n'kokongola chonchi. Tinkakutchula mwachikondi, osadziwa chimene chikutidikira kutsogolo.

Tisanafike ku Vallenar galimoto inayamba kufuka nthunzi ngati ketulo. Madzi onse Ximena anali atatsukira zipatso. Chapafupi tinaona animita, kanyumba kokumbukira munthu wofera pamsewu, koma osati kakang'ono ngati tina timene timaona m'mbali mwa msewu. Kanyumba kameneka kanali kopaka utoto watsopano, kali ndi mbendera, makandulo, ndi mabotolo a madzi ali mbwee.

Froilán anavula chipewa n'kupita, akuti akapempha malemuwo amubwereke botolo limodzi. Ndinamumva akuyamba kuti, “Pepani wawa, ndife apaulendo,” kenako zii. Anaima ngati chitsa. Atatembenuka nkhope inali itasintha, n'kunditana kuti ndibwere ndekha, amayi ndiwasiye m'galimoto. Amayi umawadziwa. Ukawaletsa chinthu, amafikapo iwo poyamba.

Pakhoma la kanyumbako panalembedwa dzina lako lonse, Baltasar Quilodrán Mella. Pansi pake panali tsiku limene lole yako inagubuduzika. Kuseri kwa galasi kunali chithunzi chako, ukumwetulira, utavala juzi yobiriwira ya mzere woyera imene amayi anakulukira utangopeza ntchito.

Amayi anangokhala pansi pafumbi. Sanalire, sanakuwe. Ine ndinawerenga dzinalo mobwerezabwereza, ndikumaganiza kuti mwina pali chilembo chimene chikusiyana. Panalibe.

Kuzungulira kanyumbako anthu anakhoma timatabwa tothokoza. Wina akuti zikomo Baltita pomupezera ntchito. Wina akuti mwana wake wachira chifuwa. Wina mbuzi zake zotayika zapezeka. Lole inadutsa n'kukulizira hutala mwaulemu. Froilán anandinong'oneza kuti, “Mlamu wangayu analephera kutikonzera mpopi wodontha, koma kuno akuchiritsa nyamakazi!” Ndinamutsina mpaka analumpha, ngakhale nanenso ndinatsala pang'ono kuseka chifukwa cha mantha.

Madzi tinatenga. Amayi ndiwo analamula, akuti mwana wawo sangawamane madzi.

Tinalowa m'katawuni ka m'chigwa n'kupeza telefoni pagolosale. Apo m'pamene ndinakuimbira. Ngakhale tsiku lolembedwa lija linali lakalekale, mutu wanga sunkagwira, ndinkafuna kumva mawu ako ndi makutu anga. Nditakumva ukukuwira nyama yako, mtima unatsika, ndipo ndinati ndithu wina analakwitsa, anamva za ngozi n'kuganiza kuti woyendetsa anafa.

Ndinafunsa mayi wa pagolosaleyo za kanyumba kaja, ngati munthu wongodutsa. Anaomba m'manja, akuti iii, Baltita ameneyo sakana munthu, iwo anawachotsera chotupa pakhosi. Kenako akuti ngati tikufuna kumudziwa bwino tipite ku ramada, chisakasa cha chikondwerero, chifukwa mwana wake akuimba masana omwewo.

Mwana wake, Balta. Ndinamufunsanso kuti wati chiyani, ndipo anabwereza momwemo, uku akundiyang'ana ngati ndine wogontha.

Ku ramada kunali kutadzaza. Denga la nthambi, mbendera zamapepala, utsi wa nyama, magitala ndi akodiyoni, anthu akuvina cueca mipango ili m'mwamba mpaka fumbi koboo. Tsiku lina ndikanavina ndi Froilán mpaka nsapato kuthyoka. Tsiku limenelo tinakhala pabenchi ngati anthu a pamaliro.

Woyendetsa mwambo anati tsopano tikhale chete, akubwera Noelia, mwana wa Baltita wathu. Panakwera mtsikana wamsinkhu wa Ximena, gitala ataigwira chamanzere ngati mmene umagwirira chilichonse iwe. Asanayambe anadzikoka khutu. Atamwetulira, mpata wa mano uja unali pomwepo. Amayi anandigwira dzanja mpaka zikhadabo zawo zinandilowa.

Mwanayo amaimba, Balta. Mawu ake ndi aakulu kuposa thupi lake. Anayamba ndi nyimbo zovina, anthu n'kumaimba likhweru. Kenako anaimba ina yopeka yekha, ya bambo ake. Ikunena kuti Lamulungu lililonse amawatengera madzi kuti asamve ludzu, kuti amawapukuta nkhope pagalasi, koma sadziwa mmene mawu awo ankamvekera. Pothera akuti, bambo, mumayankha alendo onse, ine mwana wanu mudzandiyankha liti?

Amuna oyendetsa malole anavula zipewa. Ena ankapukuta misozi ndi mipango yovinira ija. Ine ndinkangoganiza kuti nthawi yomweyo iwe uli kumwera, ukutembenuza nyama, ukudandaula kuti mchere wachepa.

Mayi wina pabenchi anatilozera mayi ake a mtsikanayo, amene ankagulitsa empanada, zitumbuwa za nyama zija, pakona. Dzina lawo ndi Griselda. Ndikhulupirira kuti sindikufunika kukuuza kuti ndi ndani. Ndinapita ngati wogula, n'kuyamikira mwanayo, ndipo nkhani inangotuluka yokha, chifukwa zikuoneka kuti amaifotokozera aliyense.

Akuti ankaphika pamalo odyera a oyendetsa malole, ndipo ulendo uliwonse unkagona kwawo. Akuti ngozi inachitika ali ndi pakati, n'kuthamangira kumsewu, n'kupeza lole itapsa, iwe atakutengera kale kuchipatala chakutali. Patapita masiku kunabwera mnzako Nibaldo, chipewa chili m'manja, atatenga wotchi yako, n'kunena kuti wafera kuchipatala ndipo abale ako akuika kale m'manda kumwera.

Nibaldo yemwe uja, Balta! Amene anali mboni pa ukwati wako ndi Gladys, amene amayi ankamusungira ntchafu ya nkhuku akabwera kuno!

Griselda akuti sankadziwa kwanu kwenikweni, unkangoti kumwera, ndipo popeza munalibe ukwati ankaopa kuti abale ako amuthamangitsa. Kanyumba kaja anamanga yekha, mimba ili kutsogolo, akunyamula miyala. Sanakwatiwenso. Akuti mwamuna wabwino ngati iwe sangamupezenso. Anandiuza zimenezi akundikulungira empanada, ndipo ndinalephera kumuyang'ana m'maso.

Ndinakumbukira kuti nthawi imeneyo unali utagona m'chipinda chako kuno ku Linares, mwendo uli m'chikhakha, amayi akukumwetsa msuzi ndi supuni. Unatiuza kuti wina wa kumpoto akakufunsa tizinena kuti kulibe. Ife tinkaganiza kuti ukuopa eni lole. Mwendo utapola unathawira kumapeto kwa dziko, ife n'kumati ukufuna ntchito yabwino. Tinali zitsiru.

Ndisanabwerere pabenchi, Noelia anali atatsika kale ndipo anaona amayi akulira. Anagwada n'kuwapatsa mpango wake, n'kufunsa kuti, “Agogo, nanunso bambo anga anakuchitirani chozizwitsa?” Ndinathamanga kuti ndiwagwire pakamwa koma ndinachedwa. Amayi anamuyang'ana n'kunena kuti, “Juzi ili pachithunzi ija ndinaluka ndine.”

Griselda, amene ankadutsa ndi malonda ake n'kumva mawuwo, anagwetsa thireyi. Empanada zinamwazika pansi, agalu n'kumalimbirana, iye osaona n'komwe. Anafika n'kugwa m'miyendo mwa amayi akuwatcha apongozi, akupepesa kuti sanabwere kumaliro. Akupepesa, Balta. Iyeyo kupepesa ife.

Noelia ankangogwira nkhope ya amayi, kenako yanga, kenako ya Ximena, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Akuti sanaganizepo kuti ali ndi azakhali. Kenako anafunsa chimene ndinkaopa, kuti manda ako ali kuti. Akuti wakhala akuimba m'zikondwerero zonse za m'chigwa kuti Khirisimasi ikatha apite kumwera, afunse manda ndi manda mpaka akupeze, akuimbire nyimbo ija pamene wagona.

Froilán anayang'ana nsapato zake. Amayi anamusisita tsitsi n'kumuuza kuti asavutike kufunsa, Khirisimasi ikatha abwere ku Linares, iwo adzamusonyeza pamene unagona. Anamufotokozera msewu wathu, nyumba yathu ndi mtengo wa mandimu wa pageti. Sananame, chifukwa bedi lako likadali pomwe lija. Koma zoona sananenenso.

M'galimoto ndinawafunsa kuti bwanji sanangoulula. Akuti unadziika wekha m'manda, udzifukule wekha, iwo sangang'ambe mtima wa mwanayo kuti iwe upume bwino. Zoyendera malo zinathera pomwepo. Nyanja tinaidutsa osatsika, ndipo Ximena, amene ankati amalume Balta ndiwo munthu wabwino kuposa onse, sanakutchulenso.

Pobwerera amayi anaimitsa galimoto pa kanyumba kako. Anabweza botolo lija atalidzaza, anapukuta galasi ndi mpango wa Noelia, kenako anatulutsa kandulo m'chikwama n'kuyatsa. Ndinati amayi, mwana wanu ali moyo, mukuchita chiyani? Akuti amene anamulera iwo ali m'kanyumbamo, wa ku Punta Arenas sakumudziwa.

Mpaka lero ndikadzuka ndimaganiza kuti ndinalota. Ndinakubereka kumsana, ndinakunamira kwa bambo pamene unkathawa sukulu, ndinkati ndimakudziwa kuposa wina aliyense. Ndakwiya, Balta, ndipo ndili ndi manyazi ngati ndinamutuma ndine Nibaldo. Kodi unachita mantha ndi mimba ija? Ambiri amachita mantha, koma sadzipha pakamwa n'kusiya mkazi akunyamula miyala.

Komabe ndiwe mlongo wanga, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba m'malo mongokusiya. Ndikukupempha, ubwere Khirisimasi ikatha. Umuuze Gladys wekha, asanamve kwa wina. Udzakhale pabedi lako lija, mwanayo akadzalowa adzapeze munthu. Mwina adzakulavulira, mwina adzakuphwanyira gitala pamutu, ndipo ine sindidzamuletsa. Koma anafunsa kuti udzamuyankha liti, ndipo palibe wina angayankhe.

Usaganize kuti ukangokhala chete zidzatha. Amayi akuti ukapanda kubwera adzakwera basi ndi Noelia mpaka pakhomo pako, ngakhale ulendowo uwaphe. Umawadziwa. Ayamba kale kumulukira juzi ya kumalo ozizira, yobiriwira, ya mzere woyera.

Mulungu akusunge ndipo akupatse mtima wolimba, chifukwa uufunadi. Undiperekere moni kwa Gladys, amene sanalakwe kanthu, ndi kwa anyamata, amene sakudziwa kuti ali ndi mlongo woimba bwino chonchi. Froilán akupereka moni, akuti ukabwera umuyang'anenso bondo lake poti zamveka kuti umachiritsa. Mapapaya ako tadya.

Amayi ndawafunsa ngati ndilembe moni wawo. Akuti kandulo anakuyatsira kale, ndipo malemu zimenezo zimawakwanira. Ukafuna moni, udzautenge wekha ndi miyendo yako.

Ndine mlongo wako,
Leontina